Payi wa chigoba cha nsinjiro: kuphika popanda ufa wa tirigu

Zakudya zambiri zimene timazitenga kuti ndi za chisangalalo zimachokera mu ufa wa tirigu. Samusa, mandasi, chapati, masikono, keke, mabisiketi, onsewa ndi ana a mimba imodzi. Pa ukwati, pa Eid, pa mphasa yomasulira m'mwezi wa Ramadan ngakhale pa tsiku lotsekera sukulu, mbale zimadzaza ndi tirigu yemweyo wongosintha maonekedwe. Kwa ambiri a ife palibe vuto. Koma pali anthu ena, owerengeka ndithu, amene matupi awo amakana tirigu, ndipo akadya kachidutswa ka buledi amavutika m'mimba masiku angapo. Anthu oterewa pa chikondwerero amangogwira kapu ya tiyi n'kumaonerera anzawo akutafuna.

Ndiye m'kalata ya teremu ino tati tifotokoze chakudya chimodzi chimene munthu wotere angadye mosaopa, chimene ena tonsefe tingachikondenso, ndipo zipangizo zake zambiri zili kale m'nyumba mwathu ndi m'misika ya pa boma pano ndi ku Bvumbwe. Chakudyacho ndi payi wa chigoba cha mtedza.

Amene mumayenda ku Limbe mumamudziwa payi wa nyama amene amagulitsidwa ali wotentha m'masitolo akuluakulu. Payi aliyense ali ndi mbali ziwiri: zam'kati, zimene zingakhale nyama, mazira, zipatso kapena kasitadi, ndi chigoba chimene chimasunga zam'katizo. Chigobachi tingati ndi mbale yodyedwa. Chikapsa bwino chimakhala chouma ngati nkhoko za m'poto wa nsima, koma chophwanyika mosavuta ukachiluma. Azungu amachipanga ndi ufa wa tirigu, mafuta olimba ndi madzi ozizira pang'ono, ndipo m'mabuku ambiri a zophikaphika a ku Britain ndi ku America mafuta amene amatamandidwa pa ntchitoyi ndi a nkhumba, amene pa Chingerezi amalembedwa kuti lard. Wophunzira amene akufufuza kaphikidwe pa intaneti alidziwe liwu limeneli, kuti akaliona apite pa tsamba lina.

Gluten mukhoza kumuona ndi maso

Liwu loti gluten likumveka kwambiri masiku ano, ndipo ena amalitchula ngati dzina la poizoni wosaoneka. Gluten si poizoni, ndipo amaoneka. Wophunzira wa Fomu 2 akhoza kumutulutsa ndi beseni ndi madzi basi. Tengani theka la kapu ya ufa wa tirigu, thiranimo madzi pang'ono, kandani mpaka mupange mpira wosamata m'manja, ndipo muusiye kwa mphindi 30. Kenako uviikeni m'beseni la madzi n'kumaufinya pang'onopang'ono ngati mukuchapa kansalu. Madzi ayera ngati mkaka. Zoyerazo ndi sitachi, ndipo mukadonthezamo iodine wa mu labotale madziwo asanduka a buluu wodera kukuda, monga timachitira mu Biology. Pitirizani kusintha madzi mpaka asiye kuyera. Chotsala m'manja mwanu ndi kanthu kotuwa, konanda, kotamuka ngati chingamu kapena ulimbo. Ameneyo ndiye gluten. Katswiri wa ku Bologna m'dziko la Italy, Jacopo Beccari, anamulekanitsa ndi ufa mwa njira yomweyi m'zaka za m'ma 1700. Mukayesa zomwezo ndi ufa woyera wa chimanga kapena wa kondowole, mpira wonse ungosungunuka, m'manja osatsala kanthu.

Gluten amapangidwa ndi mapuloteni a mitundu iwiri a m'tirigu, gliadin ndi glutenin, amene akakumana ndi madzi amagwirana n'kuluka kaukonde. Kaukonde kameneka ndi kamene kamatchinga mpweya wa yisiti kuti usathawe, n'chifukwa chake buledi amafufuma pamene chigumu chimakhala chotsendereka. Ndi kamenenso kamalola amayi kupyapyalitsa chikopa cha samusa mpaka kuonekera kuseri osang'ambika. Mapuloteni a banja lomweli amapezekanso mu balere ndi m'mbewu ina ya kumaiko ozizira yotchedwa rye. Mu chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, nthochi, nyemba, nandolo ndi mtedza mulibe.

Mukayang'anitsitsa mndandanda umenewu muona kuti chakudya cha makolo athu chinali chopanda gluten kuyambira kale. Nsima, phala la mgaiwa, futali, zitumbuwa, chigumu, thobwa wa chimera cha mawere, monsemu tirigu mulibe. Dziko lathu limalima tirigu wochepa kwambiri, m'madera okwera ngati Tsangano ku Ntcheu ndi ku Neno, ndipo pafupifupi yense amene timadya amachokera kunja. N'chifukwa chake mtengo wa buledi unadumpha nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, n'kudumphanso Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu wa ku London akauzidwa kuti asiye tirigu amasowa pogwira. Ife chakudya cha tsiku ndi tsiku sichisintha. Vuto limatsala pa zakudya za chisangalalo zija basi.

Amene tirigu amawadwalitsa

Matenda aakulu pa nkhaniyi amatchedwa coeliac. Munthu amene ali nawo akadya gluten, chitetezo cha m'thupi mwake chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi matumbo ake omwe. M'kati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tambirimbiri tonga ubweya wa thaulo, timene mabuku a Biology amati villi, ndipo ntchito yake ndi kuyamwa chakudya chogayika kuti chilowe m'magazi. Timinofuti timafota, matumbo amasalala, chakudya n'kumangodutsa. Mwana amadya koma sakula. Amatsegula m'mimba pafupipafupi, mimba imatupa, magazi amachepa, amatopa msanga ndipo m'kalasi amasinza. Kwa ena chizindikiro chimakhala chimodzi chokha, kuchepa kwa magazi kosamva mankhwala.

Madokotala anatenga nthawi yaitali kuti apeze gwero lake. Samuel Gee wa ku London anawafotokoza bwino matendawa mu 1888 ndipo anaona kuti chithandizo chake chili m'kadyedwe, koma sanadziwe kuti mdani ndi tirigu. Mu 1924 dokotala wina wa ku New York, Sidney Haas, analemba za njira yake yodyetsa ana odwalawa nthochi zambirimbiri tsiku lililonse akuwaletsa buledi ndi zina zotero, ndipo ana ambiri anapezadi bwino. Iye ankakhulupirira kuti mphamvu inali m'nthochi. Ife a ku Thyolo tikanakonda zikanakhala choncho, koma chimene chinkathandiza anawo chinali kusiya buledi. Amene anatulukira zoona zake ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, m'dzikomo munagwa njala yoopsa ndipo buledi anasowa. Dicke, amene anali atayamba kale kumukayikira tirigu, anaona kuti ana a coeliac ankapeza bwino m'masiku osowa buledi, ndipo buledi atabwerera anayambanso kudwala. Mu 1950 analemba zotsatira za kafukufuku wake. Mpaka lero chithandizo cha matendawa ndi chimodzi chokha: kusiya tirigu, balere ndi rye moyo wonse.

Ena amati amenewa ndi matenda a azungu. Si zoona. Akatswiri amati padziko lonse pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse ali nawo, ambiri osadziwa. Ndipo chimodzi mwa ziwerengero zokwera kwambiri sichinapezeke ku Ulaya. Mu 1999 gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Carlo Catassi linafalitsa zimene linapeza litayeza ana a mtundu wa Sahrawi, okhala m'misasa ya anthu othawa kwawo ku Algeria, amene ankadalira kwambiri ufa wa tirigu wa chithandizo. Ana oposa 5 pa 100 alionse anali ndi matendawa.

Koma makolo, chonde, musathamangire kugamula nokha. Zizindikiro zimene tatchulazi kuno kwathu nthawi zambiri zimabwera ndi njoka za m'mimba, likodzo, malungo obwerezabwereza, madzi osatetezeka kapena kuperewera kwa chakudya. Mwana wotsegula m'mimba kwa milungu apite kuchipatala chathu cha boma ku Thyolo, ndipo ngati pakufunika kuyeza kozama madokotala amutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Coeliac amayezedwa ndi magazi, kenako potenga kachidutswa kakang'ono ka m'matumbo ndi kachubu kolowetsera kukamwa. Munthu akasiya tirigu asanayezedwe, matumbo amayamba kupola ndipo zotsatira zikhoza kunama kuti alibe matenda. Choncho musamuletse buledi dokotala asanamuone. Ndipo inu amene tirigu sakuvutani, kumusiya sikukuwonjezerani thanzi lililonse, ngakhale mapaketi odula a m'masitolo atalembapo zotani.

Mtedza wake uti?

Mabuku akunja amati chigoba chopanda tirigu chipangidwe ndi ufa wa almond, mtedza umene wambiri umalimidwa ku California ndipo ukafika kuno umakhala wodula zedi. Sitikuufuna. Tili ndi mitundu iwiri pakhomo.

Woyamba ndi makadamiya, amene mizere yake timaiona m'maesiteti otizungulira pambali pa tiyi. Kwawo kwa mtengowu ndi m'nkhalango za kum'mawa kwa Australia, ndipo dzinali anaupatsa ndi katswiri wa zomera Ferdinand von Mueller mu 1857 polemekeza mnzake John Macadam. Kuno unafala pamene maesiteti ankafuna mbewu yolowa m'malo mwa mitengo ya tung, imene mafuta ake anasiya kuyenda malonda. Agogo amene anagwirapo ntchito m'maesiteti akuikumbukira mitengo imeneyo. Makadamiya amatenga zaka 4 kapena 5 kuti ayambe kubereka, chigoba chake n'cholimba moti mano osayerekeza, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa njere yake ndi mafuta okhaokha. Ife zimatikhudza kuti mtedza umene makolo ena a ana athu amatola ndi manja awo umapita pafupifupi wonse kunja, ndipo mwana wobadwira pafupi ndi mitengoyi akhoza kumaliza Fomu 4 asanalaweko chakudya chophikidwa nawo. Pa chigoba cha payi simufunika njere zathunthu zimene zimagulitsidwa modula. Zophwanyika, zimene pa msika zimakhala za giredi yotsika, zimagwira ntchito chimodzimodzi popeza tiziphwanyabe. Gulani kwa mlimi amene ali ndi mitengo yake kapena kumalo ovomerezeka. Makadamiya obwera m'thumba usiku, kuwonjezera pa kukhala a mwini wake, kawirikawiri amakhala osakhwima ndi osauma, ndipo sachedwa kuchita fungo la mafuta owonongeka.

Wachiwiri ndi mtedza wathu wamba, ndipo kunena zoona umenewu ndi umene tikuulimbikitsa. Ndi wotsika mtengo, mayi aliyense amadziwa kuusinja, ndipo uli ndi muyeso wabwino: pafupifupi theka ndi mafuta, gawo limodzi mwa anayi ndi mapuloteni. Chalimbana, wa njere zikuluzikulu uja, amatulutsa nsinjiro zoyoyoka bwino. CG7 wofiira ali ndi mafuta ochulukirapo ndipo amafulumira kumata mu mtondo, ndiye amafuna dzanja lopepuka. Amene muli ndi mitundu yonse iwiri ya mtedza, sakanizani magawo awiri a nsinjiro ndi gawo limodzi la makadamiya. Makadamiya okha amanona mpaka kulakwitsa, pamene akasakanikirana ndi nsinjiro amapereka kukoma kwa batala popanda batala.

Tichenjezane pano. Pali anthu ena amene thupi lawo limakana mtedza weniweniwo: akangolawa, milomo imatupa, thupi limatuluka zidzolo, ena amabanika, ndipo zikatero n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo. Amenewa ndi matenda ena, osagwirizana ndi coeliac. Chigoba chimene tikufotokozachi si cha iwo, ndipo wopereka chakudyachi kwa alendo azinena kuti muli mtedza.

Chuku, mdani amene moto sumupha

Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo pafupifupi 100,000 ndi matenda osadziwika. Atafufuza anapeza kuti chakudya cha mbalamezo munali ufa wa mtedza wochokera ku Brazil umene unachita nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus. Poizoni wa nkhungu imeneyi anamutcha aflatoxin, ndipo ndi amene alangizi a zaulimi amatichenjeza akamanena za chuku. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, ndipo akachuluka amapha m'masiku ochepa, monga zinachitikira kum'mawa kwa Kenya mu 2004 pamene anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Maiko a European Union salola mtedza wodyedwa wokhala ndi poizoniyu woposa mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtedza wa Malawi, umene kale unkagulidwa kwambiri ku Ulaya, unataya msika.

Kukazinga sikumuthetsa, kuphika mu uvuni sikumuthetsa. Ndipo mu ndiwo zotendera timathira nsinjiro zodzaza dzanja limodzi, pamene chigoba cha payi chonse ndi nsinjiro, ndiye kusankha mtedza ndi theka la ntchito. Musagule nsinjiro zosinjasinja kale za m'timapepala, chifukwa simungaone njere zimene zinalowamo. Gulani mtedza wathunthu, uthireni pa lichero poyera, ndipo muchotse njere iliyonse yokwinyika, yothimbirira, yoboola ndi tizilombo kapena yooneka ufa wobiriwira. Zochotsazo musapatse ana, ndipo ng'ombe ya mkaka musaipatsenso chifukwa poizoniyu amatulukira mu mkaka. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe poswa tichisiye, ndi chimene chimaitana nkhungu. Kuno kwathu kumene chiperoni chimanyowetsa ngakhale zovala za m'sutikesi, thumba la mtedza lisakhale pansi kapena kutsamira khoma.

Kapangidwe kake

Popeza gluten mulibe, chosakaniza chathu sichingatamuke. Musayese kuchipyapyalitsa ndi botolo ngati chapati, chingosweka. Chigoba cha mtedza sachiyala, amachita kuchidinda m'mbale ndi zala. Ntchito imene gluten akanagwira imagawidwa patatu. Dzira likamva kutentha limalimba n'kumanga tizidutswa ta mtedza pamodzi. Shuga amasungunuka pamoto ndipo akazizira amauma ngati guluu. Sitachi amamwa mafuta otuluka mu mtedza kuti asasefukire. Mukamvetsa zitatuzi mukhoza kusintha muyeso nokha malinga ndi mtedza umene muli nawo.

Pa mbale yachitsulo yokwera m'mbali, yotambalala masentimita 22 kapena 23, mufunika makapu awiri a nsinjiro, poyesa ndi kapu ya mamililita 250, masupuni aakulu atatu a ufa wosalala wa chinangwa kapena sitachi wa chimanga wa m'sitolo, masupuni awiri a shuga, mchere wotsina ndi zala, dzira limodzi, ndi masupuni awiri a majarini wosungunula. Ngati mwasakaniza ndi makadamiya, majarini musiyeni, mafuta akwana kale.

Kazingani mtedza m'chiwaya pa moto wochepa, mpaka timakungu tiyambe kusendeka basi. Usafiire, chifukwa ukubwereranso pamoto. Uyaleni uzizire kotheratu, popeza mtedza wotentha umatulutsa mafuta ukangomva munsi. Ufikiseni m'manja, petani, kenako sinjani pang'onopang'ono, mukusefa ndi kubwezera zotsala mu mtondo. Cholinga ndi nsinjiro zokhakhala ngati mgaiwa. Mukapitirira mupeza chiponde, ndipo chiponde sichibwerera. Poyesa, fumbatani nsinjiro m'dzanja: zigwirane, koma mukazigunda ndi chala ziyoyoke. Makadamiya ndiye amasanduka phala mukangogunda kangapo, choncho ndi bwino kuwadula ndi mpeni, kapena kuwasinja pamodzi ndi shuga ndi ufa wa chinangwa uja kuti zizimwa mafuta.

Sakanizani zouma zonse m'beseni. Menyani dzira, lithireni pamodzi ndi majarini, ndipo sakanizani ndi zala mpaka zifanane ndi dothi lonyowa loumbira. Kukanda n'kosafunika. Pakani mbale mafuta pang'ono, ndipo yambani kudinda m'mbali musanafike pansi, chifukwa mukayamba pansi m'mbali mumaperewera. Kuchindikala kwake kukhale theka la sentimita ponseponse. Tsenderani ndi kunsi kwa tambula, makamaka pangodya pamene khoma likumana ndi pansi, pamene ambiri amasiya chibuma chimene sichipsa. Bayani pansi ndi foloko malo 10 kapena 12 kuti nthunzi izituluka, ndipo ikani mbaleyo pozizira kwa mphindi 20.

Moto ndi pamene ambiri amagwera. Mtedza umapserera msanga kuposa tirigu chifukwa cha mafuta ake. Mu uvuni wa magetsi ikani pa madigiri 160 mpaka 170 kwa mphindi 12 mpaka 15. Amene mulibe uvuni, njira yophikira chigumu ikukwana: thirani mchenga wouma pansi pa sefuliya yaikulu, itenthetseni pa mbaula, khazikani mbale pamchengapo, vindikirani n'kuika makala pamwamba. Koma makala achepe, theka la amene mumaika pa chigumu, ndipo a pansi akhale ophimbika ndi phulusa. Mphuno ndiyo wotchi yabwino. Fungo la mtedza wokazinga likangodzaza m'khitchini, vundukulani. M'mbali mukayamba kufiirira pang'ono, phulani, ngakhale pakati pakuoneka pofewa. Chigobachi chimalimba pozizira, osati pamoto, ndipo wodikira kuti chiume chili pamoto amaphula chowawa. Musachichotse m'mbale chisanazizire.

Chikakanika, chimanena chokha chimene chalakwika. Chikamayoyoka podula, nsinjiro zinali zokhakhala kwambiri kapena dzira linali laling'ono. Mafuta akaima pamwamba, munasinja mopitirira, ndipo ulendo wina onjezerani supuni ya ufa wa chinangwa. Chikatukuka pakati, foloko sinafike. Chikawawa koma sichinapserere, musachidye, kayikirani mtedzawo.

Pali njira ina yosafuna moto, dzira ngakhale shuga, ndipo imayenera masiku amene tende watsala m'nyumba Ramadan itatha. Tengani kapu imodzi ndi theka ya nsinjiro za mtedza wokazinga mokwanira, popeza sizibwereranso pamoto, ndi kapu imodzi ya tende wochotsa nthanga. Ngati tendeyo wauma, muviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 10. Sinjani zonse pamodzi mpaka zigwirane, dindani m'mbale, ikani pozizira ola limodzi. Chigoba ichi chimakhala chofewa ndi chotsekemera, ndiye chimafuna zam'kati zowawasa pang'ono, monga mapeyala opota ndi madzi a mandimu.

Zam'kati

Chosavuta kuposa zonse ndi kasitadi wolimba ndi nthochi zodula, zimene tikuzipezabe ngakhale matenda a chisaka anatipululira minda yambiri. Kasitadi wa ufa uja nayenso anabadwa chifukwa cha munthu amene thupi lake linkakana chakudya: Alfred Bird wa ku Birmingham anamupanga mu 1837 kuchokera ku sitachi wa chimanga chifukwa mkazi wake sankatha kudya mazira. Komabe werengani pa paketi. Ife timakonda kwambiri mbatata yofiira m'kati: makapu awiri a mbatata yophika ndi yopota, mazira awiri, theka la kapu ya mkaka, shuga pang'ono ndi sinamoni. Thirani m'chigoba chimene mwachiphula pa mphindi 8, n'kubwezera pamoto wochepa kwa theka la ola kapena kuposerapo, mutaphimba m'mphepete kuti musapserere. Maungu amachita chimodzimodzi. Nanazi ndi mango ziphikeni kaye madzi achepe. Amene mukufuna payi wa mchere, chotsani shuga m'chigoba ndipo ikanimo mazira omenya, anyezi wokazinga, nkhuku yonyenyanyenya ndi mpiru. Lilime lozolowera ndiwo zotendera silidabwa nazo. Pa zam'kati zilizonse zonyowa, pakani choyera cha dzira m'chigoba chikadali chotentha n'kuchibwezera pamoto mphindi ziwiri, kuti madzi asalowerere.

Zinthu ziwiri za m'mabuku akunja muzisamale nazo. Gelatin wolimbitsira zam'kati, amenenso ali mu jelly wambiri wa m'mapaketi, kawirikawiri amachokera ku chikopa cha nkhumba, ndiye ngati palibe chizindikiro cha halaal gwiritsani ntchito kasitadi. Vanila weniweni wa m'botolo amasungunulidwa mu mowa, ndipo lamulo la ku America limati ukhale wosachepera 35 peresenti. Khungu la ndimu kapena la lalanje lopala, jinja ndi sinamoni zimanunkhiritsa bwino lomwe.

Khitchini imodzi, ufa uwiri

Kwa munthu wa coeliac, ntchito yonseyi ikhoza kuwonongeka ndi sefa imodzi. Muyeso wa padziko lonse wa Codex Alimentarius umati chakudya chitchedwe chopanda gluten pokhapokha ngati ali wosaposa mamiligalamu 20 pa kilogalamu, kutanthauza magawo 20 pa 1,000,000. Zinyenyeswa za buledi zotsalira m'kontena ya majarini, sefa imene dzulo inasefa ufa wa mandasi, mthiko wong'aluka, mafuta amene akazingira samusa, fumbi la ufa louluka wina akukanda chapati pambali, zonsezi n'zokwanira kumudwalitsa. Tirigu ndi balere zimabisalanso m'zinthu zimene sitiziganizira. Milo ndi Horlicks zili ndi chimera cha balere, soy sauce wambiri ali ndi tirigu, ndipo supu wa m'mapaketi, masoseji ndi maheu ena a m'sitolo amafunika kuwerenga kaye. Zitumbuwa ndi zigumu za pamsika ena amathiramo ufa wa tirigu kuti zifewe, ndiye funsani wogulitsa.

Pakhomo, wodwalayo akhale ndi sefa yake, mthiko wake ndi majarini wake. Kwa inu akuluakulu a komiti ya mzikiti ndi amayi amene mumaphika pa zochitika za pasukulu, pempho lathu ndi laling'ono. Ngati pagulu pali munthu wotere, chakudya chake chiphikidwe choyamba, thumba la ufa wa tirigu lisanatsegulidwe, chivindikiridwe, chikhale ndi mpeni ndi supuni yakeyake, ndipo paikidwe kapepala kolembedwa kuti: mulibe tirigu, muli mtedza. Chigoba chopanda zam'kati mukhoza kuchiphika dzulo lake, chimakhala masiku atatu m'chitini chotseka bwino. Cha kasitadi kapena mazira, ngati palibe firiji, chidyedwe tsiku lomwelo.